Kuyeza Mpweya wa Radoni M'nyumba: Phunziro la Kusankha Choyezera

Mwana wa Sitandade 6 mukampatsa rula ndi kumuuza kuti ayeze kutalika kwa desiki, iye amayeza kamodzi, nalemba yankho, ndipo nkhani imathera pomwepo. Desikiyo idzakhala chomwecho maŵa ndi mkuja. Chifukwa cha ichi ana athu ambiri amatsiriza sukulu ya pulayimale akuganiza kuti kuyeza kulikonse ndi ntchito ya kamphindi, ndi kuti nambala ikangooneka pa chipangizo, nambalayo ndiyo choona chonse. Koma zinthu zambiri zokhudza moyo wa munthu sizikhazikika monga desiki. Mvula, kutentha kwa thupi la wodwala, madzi a m'chitsime, zonsezi zimakwera ndi kutsika, kotero kuti woyeza ayenera kuyamba wadzifunsa kuti: kodi ndiyeza kwa nthaŵi yotalika bwanji, ndipo ndi chipangizo chiti?

M'nkhani ino tifuna kukambirana nanu, aphunzitsi a maŵa, za chinthu chimodzi chimene chimaonetsa mfundo imeneyi poyera, ndicho mpweya wotchedwa radoni. Tiika maganizo athu pa nyumba za ku Nselema ndi midzi ina ya m'maboma a Machinga ndi Balaka, popeza ena a inu mudzatumizidwa kukaphunzitsa kumeneko.

Radoni ndi kumene amachokera

M'nthaka ndi m'miyala iliyonse muli yureniyamu pang'ono chabe. Atomu ya yureniyamu siikhala mpaka muyaya. Imasweka nisanduka chinthu china, chimenenso chimasweka nichisanduka china. Mu mzere wa kubadwa umenewu muli radiyamu, ndipo radiyamu akasweka amabala radoni. Makolo ake onse a radoni ndi zitsulo zokhala phee m'kati mwa mwala, koma iye yekha ndi mpweya. Motero amatha kuyenda m'timipata ta m'nthaka mpaka kutulukira kumtunda. Alibe mtundu, alibe fungo, ndipo lilime silimumva. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Mpweya umenewu adauzindikira Friedrich Ernst Dorn wa ku Germany m'chaka cha 1900, pamene ankafufuza za radiyamu.

Radoni naye sakhalitsa. Pakapita masiku 3.8, theka la radoni amene tinali naye limakhala litasweka. Pakapitanso masiku ena 3.8, theka la wotsalayo limasweka. Sungani nambala imeneyi, pakuti tidzaifuna pokamba za zoyezera. Pamene akusweka, radoni amaponya kachidutswa kakang'ono kwambiri kotchedwa alufa, nasiya ana ake, amene wodziŵika kwambiri ndi poloniyamu. Ana ameneŵa si mpweya ayi. Amamatirira ku fumbi ndi ku utsi, ndipo munthu akapuma amaloŵa m'mapapo, namapitiriza kuponya tizidutswa ta alufa ali momwemo. Kachidutswa ka alufa sikatha kuboola pepala kapena khungu la padzanja, koma m'kati mwa mapapo mulibe khungu lotero lotchinjiriza. Pakapita zaka zambiri, kuvulala kumeneku kukhoza kuyambitsa khansa ya m'mapapo.

Anthu adaphunzira zimenezi ndi misozi. Kuyambira zaka za m'ma 1500, anthu okumba migodi ku Schneeberg, m'dziko la Germany, ankafa adakali anyamata ndi nthenda ya m'chifuwa imene ankaitcha nthenda ya m'phiri. Mu 1879 madokotala aŵiri, Härting ndi Hesse, adaonetsa kuti nthendayo inali khansa ya m'mapapo. Mu 1988 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, idaika radoni m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Bungweli likuti pakati pa 3 ndi 14 mwa odwala khansa ya m'mapapo 100 alionse amadwala chifukwa cha radoni, malinga ndi dziko lake, ndi kuti fodya yekha ndiye amaposa radoni pa zoyambitsa nthendayi.

Kunja, mphepo imamwaza radoni kotero kuti sasautsa. Vuto lili m'nyumba. Mpweya wofunda wa m'nyumba umakwera kudenga nutuluka, ndipo potero nyumba imayamwa mpweya wa m'nthaka kudzera pansi, monga momwe mwana amayamwira madzi ndi phesi la papaya. Zitseko ndi mazenera zikakhala zotseka, radoni amaunjikana.

Za muyeso wake

Utali timauyeza ndi mamita, kulemera ndi makilogalamu. Radoni amamuyeza ndi becquerel, dzina lochokera kwa Henri Becquerel wa ku France. Becquerel imodzi itanthauza kuti atomu imodzi ikusweka pa sekondi iliyonse. Tikati nyumba ili ndi ma becquerel 100 pa kiyubiki mita, ndiye kuti m'mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu, maatomu 100 akusweka pa sekondi iliyonse. Apa pali samu yabwino ya Sitandade 8. Chipinda cha mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 mumsinkhu chili ndi makiyubiki mita 22.5, pa muyeso tanenawu maatomu 2,250 akusweka m'chipindamo pa sekondi iliyonse, eni ake ali m'tulo.

Mpweya wa panja umakhala ndi ma becquerel apakati pa 5 ndi 15 pa kiyubiki mita. Nyumba za pa dziko lonse, tikaziphatikiza, avereji yake ndi pafupifupi 40. M'buku lake la malangizo la mu 2009, bungwe la WHO lidalangiza maiko kuti aike malire pa 100, ndipo kumene zimenezi sizingatheke, malirewo asapitirire 300. Dziko la America limalangiza kukonza nyumba ikafika pa 148. Chofunika kuchigwira ndi ichi: malire onseŵa akunena za avereji ya chaka chathunthu, osati za usiku umodzi.

Kodi mapiri athu akutiuza chiyani?

Anthu ambiri m'Malaŵi adayamba kumva dzina la yureniyamu chifukwa cha mgodi wa Kayelekera ku Karonga, umene kampani ya Paladin idatsegula mu 2009, niuimitsa mu 2014, ndipo udayambanso kugwira ntchito mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loona za mphamvu ya atomu, ndipo lamulo limeneli ndilo lidabala bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, loyang'anira za cheza choopsa m'dziko muno. Wina anganene kuti Karonga ndi kutali, nkhaniyi siikutikhudza. Koma radoni safuna mgodi kuti aloŵe m'nyumba.

Mapiri a Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala m'boma la Machinga, pamodzi ndi Zomba ndi Malosa, ali m'gulu la miyala imene akatswiri adaipatsa dzina kuchokera ku nyanja ya Chilwa. Ndi miyala imene idatuluka pansi ili yosungunuka, niuma isanafike kumtunda, ndipo miyala ya mtundu wotere kaŵirikaŵiri imakhala ndi yureniyamu ndi thoriyamu wochulukirapo kuposa miyala wamba. Ndege za kafukufuku wa Kauniuni, amene zotsatira zake zidatulutsidwa mu 2015, zina mwa zimene zinkayeza chinali cheza chochokera m'nthaka. Mapu otere amathandiza boma kudziŵa dera loyambira kuyeza.

Komabe tichenjezane pano, pakuti mphunzitsi wachangu akhoza kuopseza mudzi wonse ndi mapu. Phiri la Kangankunde ku Balaka lili ndi mwala wotchedwa monazite, umene kwina konse umadziŵika ndi thoriyamu wambiri. Koma wa ku Kangankunde adaupeza kuti uli ndi thoriyamu wochepa. Dzina la mwala silikwanira. Ndipo ngakhale tidziŵe bwino za nthaka, sitinadziŵe za nyumba. Mu Disembala 1984, injiniya wina dzina lake Stanley Watras, wogwira ntchito pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Limerick, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, ankaliza mabelu ochenjeza za cheza poloŵa pa ntchito, osati potuluka. Atafufuza adapeza kuti chezacho ankachitenga kunyumba kwake, kumene kunali ma becquerel pafupifupi 100,000 pa kiyubiki mita. Nyumba zina za m'dera lomwelo zinali ndi radoni wochepa kwambiri poyerekeza ndi yake. Mng'alu umodzi wa pansi, kapena chizoloŵezi cha banja chotseka mazenera, zimasiyanitsa nyumba ziŵiri zogundizana makonde. Njira yodziŵira ndi imodzi yokha, ndiyo kuyeza m'nyumba momwemo.

Kachitini ka makala

Choyezera chotsika mtengo ndi chofulumira ndicho kachitini kokhala ndi makala. Si makala wamba a pambaula ayi, koma makala okonzedwa mwapadera kuti akhale ndi timaenje tosaŵerengeka. Titati titambasule makoma a timaenje ta mu galamu imodzi ya makala otere, angaphimbe malo oposa bwalo la ntchembere mbaye. Mwini nyumba amatsekula kachitiniko, nakasiya m'chipinda masiku apakati pa 2 ndi 7. Radoni amamatirira m'timaenjemo. Kenaka amakatseka zolimba nakatumiza ku labotale, kumene amaŵerenga cheza chotuluka m'makalamo. Malangizo ake amati mazenera akhale otseka kuyambira maola 12 kuyeza kusanayambe.

Tsopano kumbukirani masiku 3.8 aja. Radoni wogwidwa m'makala saleka kusweka chifukwa choti kachitini katsekedwa. Ngati kachitini kachoka ku Nselema, nikagona ku Liwonde, nikadikira wokanyamula, kufikira patapita masiku 8, ndiye kuti mwa radoni yense amene kadagwira mwatsala gawo limodzi lokha mwa magawo 4. A ku labotale amatha kuŵerengera mobwerera m'mbuyo, koma chotsalacho chikachepa kwambiri, yankho limakhala lokayikitsa. Chachiŵiri, makala amakonda chinyezi. M'dzinja timaenje tija timadzaza ndi nthunzi ya madzi, radoni nasoŵa pokhala, ndipo choyezera chimanena zochepa kuposa zimene zilipo. Chachitatu, chimene kachitini kamanena ndi nkhani ya masiku ochepa aja basi. Choncho ntchito yake ndi ya kalondolondo: kuona msanga ngati pali nyumba yodetsa nkhaŵa. Kwa ife okhala kutali ndi labotale, choyezera chotchipa chimenechi ndicho chingatinamize msanga kuposa zonse.

Kapulasitiki kosunga zipsera

Choyezera chimene maiko ambiri amadalira pa kafukufuku wa m'nyumba n'chosapatsa chidwi pochiona. Ndi kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho, kopanda batire, kopanda nambala yoŵerenga, kosalira konse. M'kati mwake muli kachidutswa ka pulasitiki yotchedwa CR-39, yomweyo imene amapangira magalasi a maso. Mu 1978 asayansi a ku California adapeza kuti pulasitiki imeneyi imasunga chipsera paliponse pamene kachidutswa ka alufa kagunda. Mpweya umaloŵa m'kabokosimo pang'onopang'ono kudzera pa kampata kopapatiza, radoni amasweka momwemo, ndipo zipsera zimachuluka tsiku ndi tsiku. Nthaŵi ikakwana, a ku labotale amaviika kapulasitikiko m'madzi otentha a soda wamphamvu, wonga uja amapangira sopo, kuti zipserazo zikule n'kukhala timaenje tooneka pa maikulosikopu. Akatiŵerenga, nadziŵa masiku amene kabokosi kadakhala m'nyumba, amapeza avereji.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Zipsera sizifufutika pa ulendo, kotero kuchedwa kwa galimoto sikuononga yankho, bola kabokosiko katsekeredwe m'kathumba kake kosaloŵa mpweya. Sikafuna magetsi. Koma kamafuna kudekha, pakuti kayenera kukhala m'nyumba miyezi itatu kapena kuposerapo, ngakhale chaka chathunthu. Ku Britain banja limalandira timabokosi tiŵiri, kena ka pabalaza, kena ka kuchipinda chogona, ndipo timakhala miyezi itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga miyezi itatu yake iti? Funso limeneli ndi la ife eni, chifukwa nyengo zathu si za ku Britain. Mu Juni ndi Julayi, chisanu chikafika, banja limaloŵa m'nyumba dzuŵa likangoloŵa, limatseka zenera, ndipo ena amatsekanso timabowo ta mpweya ndi nsanza kapena mapepala. Mu Okutobala, kutentha kwa m'chigwa cha Shire kukakula, zitseko zimakhala pululu ndipo ambiri amayala mphasa pakhonde. M'dzinja nthaka ya panja imanyoŵa nitseka timipata take, pamene pansi pa nyumba pali pouma, kotero kuti mpweya wa m'nthaka umapeza njira yapafupi yoloŵera m'nyumba. Woyeza mu Okutobala yekha akhoza kutsimikizira banja kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Woyeza mu Julayi yekha akhoza kuliopseza pachabe. Ife tikuona kuti chanzeru ndi kuyeza chaka chonse, kapena kuyeza kaŵiri, m'chisanu ndi m'chilimwe.

Pali chinanso chimene mabuku olembedwa ku Ulaya amachidumpha msanga, koma kwa ife n'chachikulu. Radoni ali ndi mphwake wotchedwa thoroni, wobadwa kwa thoriyamu. Theka la thoroni limasweka m'masekondi pafupifupi 56 okha, kotero sayenda mtunda wautali. Amachuluka pafupi penipeni ndi khoma kapena pansi pamene watulukira, nachepa msanga pakati pa chipinda. M'nyumba ya makoma opaka pulasitala ndi penti, thoroni amatuluka wochepa. Koma nyumba zambiri za m'midzi yathu ndi za zidina, zomata ndi dothi, pansi pake pozira. Ku China, kumene anthu ena amakhala m'nyumba zokumbidwa m'zitunda za dothi, ofufuza adapeza kuti zoyezera zina zinkaŵerenga thoroni ngati radoni, nizipereka nambala zokwera mopitirira. Nchifukwa chake adapanga choyezera cha timabokosi tiŵiri tophatikana: kena kamaloŵetsa mpweya mochedwa kotero kuti thoroni amafera panjira, kena kamaloŵetsa zonse, kusiyana kwa mayankho aŵiriwo ndiko kumaonetsa thoroni. Wofuna kuyeza nyumba za dothi afunse choyezera chotere. Afunenso malo abwino ochiika: chikhale pamwamba kuposa theka la mita kuchokera pansi, chitalikire khoma, chitalikirenso zenera ndi chitseko pafupifupi mita imodzi, ndipo chisakhale m'khitchini kapena m'bafa. Kuchikoloŵeka pa msomali wa pakhoma, monga timachitira ndi kalendala, ndiko kulakwitsa kumene kumabwera koyamba m'maganizo a munthu aliyense.

Zoyezera zamagetsi

Za mitundu iŵiri yotsala tinena mwachidule. Wina ndi kabotolo kokhala ndi kambale ka pulasitiki kodzazidwa mphamvu ya magetsi yosayenda, yonga ija imene chipeso chokhuzidwa kutsitsi chimakokera nayo timapepala. Radoni akamasweka m'kabotolomo, mphamvu ya pakambale imatsika, ndipo woyeza amaŵerenga kutsikako ndi kamakina kake pomwepo, osatumiza kulikonse. Chovuta chake n'chakuti cheza china chochokera m'makoma ndi m'nthaka chimatsitsanso mphamvuyo, ndiye pamafunika kuchotsera. Ndipo wina akangokhudza kambaleko ndi chala, ntchito yonse yaonongeka.

Mtundu wotsiriza ndi makina olemba nambala ola lililonse. Ameneŵa ndiwo amaonetsa khalidwe la radoni: amakwera usiku, nafika pachimake mbandakucha, natsika masana zitseko zikatsekulidwa. Ndi abwino pofufuza pamene radoni akuloŵera, ndi poona ngati kukonza nyumba kwathandiza. Koma ndi okwera mtengo, amafuna batire kapena magetsi, ndipo ayenera kumatumizidwa kwa akatswiri kuti awayerekeze ndi muyeso wodziŵika. Ngozi yao yaikulu, m'kuona kwathu, ndi yakuti nambala yoŵala pa galasi imakhulupirika msanga. Munthu akaona 250 pa 4 koloko mbandakucha amathamanga kukauza mudzi, osadikira kuona kuti masana nambalayo itsika kufika pati.

Kubwera nazo m'kalasi

Tikudziŵa kuti sukulu zimene mukupitako zilibe ngakhale chimodzi cha zoyezera zimenezi. Sichifukwa chosiyira phunziroli, pakuti mfundo zake zonse zikhoza kuonetsedwa ndi zinthu zopezeka pa sukulu.

Yambani ndi chibuma chouma. Chiponyeni m'ndowa ya madzi, ana aone thovu likutuluka. Afunseni kuti mpweyawo unali kuti. Akavomereza okha kuti m'nthaka muli mpweya, theka la ntchito latha. Tsiku lina yatsani koyilo ya udzudzu, muiike pafupi ndi mpata wa pansi pa chitseko chotseka, kenaka pafupi ndi timabowo ta mpweya ta kumwamba, ana aone kumene utsi ukuloŵera. Bwerezani mazenera ali otsekula, ndipo aŵerenge mphindi zimene utsi ukutenga kuti uthe m'kalasi.

Za kusweka kwa theka, dulani timakatoni 100, mulembe mtanda mbali imodzi ya kalikonse. Tiikeni m'lichero, mwana mmodzi apete, natikhuthulire pansi. Tonse toonetsa mtanda tichotsedwe: amenewo ndi maatomu amene asweka. Kupeta kulikonse kuimire masiku 4. Ana alembe zotsala pa bolodi ndi kujambula girafu. Musadandaule poona kuti sizikutuluka 50, 25, 12 ndendende. Kusiyanako ndiko phunziro. Gulu lina lidzapeza 46, lina 55, ndipo akaphatikiza za magulu onse adzaona nambala ikusendera pa theka. Apa ndi pamene mwana amamvetsa chifukwa chake kuŵerenga kochepa sikudalirika. Mukatero afunseni za kachitini ka makala kamene kachedwa masiku 8 panjira, apeze okha chotsala.

Phunziro lalikulu koposa limafuna sabata zingapo. Ngati sukulu ili ndi themometa, ana ayeze kutentha kwa m'kalasi pa 7 koloko m'maŵa, pa 10 koloko ndi poŵeruka, tsiku lililonse kwa mwezi umodzi. Kenaka funsani gulu lina kuti linene kutentha kwa kalasiyo pogwiritsa ntchito tsiku limodzi lokha, lina masiku atatu, lina mwezi wonse. Atsutsane. Amene ali ndi choyezera mvula angachite chimodzimodzi: kodi mvula ya tsiku limodzi la mu Januwale ingatiuze ngati chaka chino chimanga chicha? Mwana wa mlimi sadzazengereza kuyankha. Ndipo pamenepo muuzeni kuti kachitini ka makala ndi mvula ya masiku atatu, kabokosi ka pulasitiki ndi mvula ya dzinja lonse, makina amagetsi ndi munthu wokhala pakhonde kulemba mvula ola lililonse. Palibe choposa chinzake pa zonse. Chilichonse chikuyankha funso lake.

Mau kwa makolo

Zimene mwana wamva m'kalasi zimafika kunyumba madzulo omwewo, nthaŵi zina zitasintha maonekedwe. Tiyenera kusamala. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kummwera, ndipo ena mwa okayikiridwa anali alendo onyamula zipangizo zosadziŵika. Taganizani tsono za kabokosi kakuda koikidwa kuchipinda chogona cha mwini nyumba kwa miyezi itatu. Ngati sukulu yanu idzapemphedwa kuthandiza pa kafukufuku wotere, kapena inu eni mudzafuna kuuyambitsa, njira yake ndi kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, mfumu, mlangizi wa zaumoyo, ashehe ndi atsogoleri a mipingo, ndipo zoyezera zichokere kwa akatswiri ovomerezeka ndi boma. Kabokosi kamodzi katsekulidwe pamsonkhano, aliyense akagwire ndi kuona kuti mulibe kanthu koma kapulasitiki. Ndipo popeza mwana saloŵa kuchipinda kwa makolo ake, wokaika choyezera kumeneko akhale mwini nyumba, atalangizidwa bwino, osati mwana wa sukulu. Tsiku loika ndi tsiku lochotsa zilembedwe, chifukwa popanda masiku ameneŵa zipsera zija sizitanthauza kanthu.

Makolo adzafunsa kuti ngoziyo ndi yaikulu bwanji, ndipo ayenera kuyankhidwa moona. Kafukufuku wamkulu wa mu 2005, wophatikiza zofufuza 13 za m'maiko 9 a ku Ulaya, adapeza izi. Mwa anthu 1,000 osasuta fodya, amene angadwale khansa ya m'mapapo asanafike zaka 75 ndi 4 ngati m'nyumba mulibe radoni, 5 pa ma becquerel 100, ndi 7 pa ma becquerel 400. Mwa anthu 1,000 osuta, nambalazo ndi 100, 120 ndi 160. Ana a Sitandade 8 aziike nambala zimenezi pa girafu imodzi, ndipo adzaona okha kuti radoni amaluma kwambiri pamene fodya wayamba kale kuluma. Bambo wosuta chingambwe m'chipinda chotseka akudziunjikira ngozi ziŵiri pamodzi. Tisaiŵalenso kuti utsi wa nkhuni ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka ndi adani a mapapo amene sasoŵa choyezera kuti tiwaone, ndipo mankhwala ake ndi omwewo a radoni, ndiwo mpweya woyenda.

Ena amaganiza kuti nyumba yamakono ndiyo yotetezeka. Sizili choncho nthaŵi zonse. Nyumba ya udzu, yokhala ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, imapuma usiku wonse. Nyumba ya malata yokhala ndi siling'i, mazenera a galasi otseka bwino ndi simenti yong'aluka pansi, monga zilili nyumba zina za aphunzitsi, ikhoza kusunga radoni wochuluka kuposa ya udzu ija. Nyumba ikapezeka kuti yapitirira malire, sipafunika kuigumula kapena kusamuka. Choyamba ndi kutsekula timabowo ta mpweya timene tidatsekedwa, ndi kuonjezera tina moyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Ming'alu ya pansi, ndi mpata wa pamene simenti ya pansi imakumana ndi khoma, zimatidwe. Womanga nyumba yatsopano ayale pepala lolimba la pulasitiki asanathire simenti ya pansi. Pepala lomwelo limaletsanso chinyezi kukwera. Kumene radoni ali wochuluka kwambiri, amisiri amaika paipi yochokera pansi pa simenti kukatulukira pamwamba pa denga, nthaŵi zina yokhala ndi kafani, kuti mpweya wa m'nthaka utuluke usanaloŵe m'chipinda. Ntchito ikatha, choyezera china cha mtundu womwewo chiikidwe pamalo pomwe padali choyamba, m'miyezi yomweyo ya chaka, kuti nambala ziŵirizo zithe kuyerekezedwa.